Mawu a AI m'malo mwa masamba a mchezo: phindu lake lagona pati?

Facebook, TikTok ndi Instagram zilibe tsamba lomaliza. Herald kapena NewsDay ukaiwerenga umafika pa zamasewera kumbuyo, n'kuipinda. Pulogalamu ya pa wailesi imatha, muulutsi n'kutsanzika. Koma pa foni chala chimangokankha m'mwamba, ndipo pansi pamatulukira china. Izi zinachita kukonzedwa. Mu 2006 katswiri wina wa ku America, Aza Raskin, anapanga njira yoti tsamba la pa intaneti lizidzitalikitsa lokha munthu akamayandikira kumapeto, kuti asavutike kudina batani lopitira ku tsamba lachiwiri. Patapita zaka iye mwini anadandaula poyera ataona nthawi imene njirayi ikudyera anthu. Batani lija linali lotopetsa ndithu, koma ndi pamene munthu ankaima n'kudzifunsa ngati akufunadi kupitiriza.

China chimene chimamata chala pa sikirini ndi kusadziwa chomwe chikubwera. M'zaka za m'ma 1950 katswiri wa za maganizo B.F. Skinner ankayesa nkhunda m'mabokosi: ikajompha kabatani, chakudya chinkagwa. Anapeza kuti nkhunda yolandira chakudya mosadziwika bwino, pena itajompha kawiri, pena kakhumi, inkajompha mosatopa kuposa ija yodziwa kuti chakudya chigwa liti. Makina a juga amayendera mfundo yomweyi. Pa TikTok mavidiyo asanu akhoza kukhala opanda pake, yotsatirayo n'kukuseketsa mpaka misozi, ndipo chifukwa cha imodziyo umapirira ena khumi. Kuseri kwake kuli makina owerenga masekondi amene waima pa chinthu chilichonse. Safunsa ngati chakusangalatsa kapena chakupsetsa mtima. Amangoona kuti waima. Kampani imadya za otsatsa malonda, choncho mphindi iliyonse imene waonjezera ndi ndalama yake.

Kodi zimenezi zimadwalitsadi? Apa pamafunika kudekha, chifukwa zokokomeza n'zambiri. Mu 2018 ofufuza a pa University of Pennsylvania anatenga ophunzira 143, ndipo ena mwa iwo anauzidwa kuti Facebook, Instagram ndi Snapchat azitsegula mphindi 10 zokha patsiku chilichonse mwa zitatuzi. Patatha milungu itatu, iwowa anali osungulumwa ndi okhumudwa mocheperapo kusiyana ndi anzawo. Chaka chomwecho akatswiri a zachuma Hunt Allcott, Matthew Gentzkow ndi anzawo analipira anthu ku America kuti atseke Facebook milungu inayi. Anthuwo anapulumutsa pafupifupi ola limodzi patsiku, anacheza kwambiri ndi abale awo, mitima inakhalako m'malo pang'ono, ngakhale kuti nkhani za m'dziko zina zinkawadutsa. Komabe mu 2019 Amy Orben ndi Andrew Przybylski a ku Oxford, atasanthula mayankho a achinyamata oposa 350,000, anapeza kuti kugwiritsa ntchito zipangizozi kumakhudzana ndi umoyo wa m'maganizo pang'ono kwambiri. Kwa ine chimene sichitsutsika ndi nthawi ndi tulo. Ola limene lathera pa sikirini pakati pa usiku lachotsedwa penapake, ndipo munthu wodzuka 4 koloko kuti akapikule tomato ku Mbare Musika amadziwa pamene lachotsedwa.

Ndiye pabwera ganizo loti: m'malo molimbana ndi foni, bwanji osasintha khomo lolowera, kuchoka m'maso kupita m'khutu? Kumvetsera si kwachilendo, wailesi takula nayo. Chatsopano n'chakuti tsopano makina otsanzira nzeru za munthu, otchedwa AI, angathe kukupangira pulogalamu yakoyako kuchokera pa zolembedwa zimene wasankha wekha.

Zimenezi zili m'mitundu iwiri, ndipo kusiyana kwake n'kofunika kukugwira bwino chifukwa mavuto ambiri amabisala pamenepo. Mtundu woyamba ndi wowerenga basi. Mumatsegula nkhani, makina n'kuiwerenga mokweza liwu ndi liwu, osaonjezera kapena kuchotsa. Pulogalamu yotsegulira intaneti ya Microsoft Edge ili ndi batani lotere, Chrome ya pa Android nayonso. Mtundu wachiwiri ndi wolemba ndi kuwerenga. Chitsanzo chodziwika ndi NotebookLM ya Google, yomwe mu September 2024 inayamba kupanga zomwe imazitcha Audio Overview. Mumaipatsa zikalata zanu, kaya ndi manotsi a kusukulu, lipoti kapena nkhani zingapo. Makina olemba, a mtundu wofanana ndi ChatGPT, amawerenga zonsezo n'kulemba zokambirana za anthu awiri. Kenako makina ena amasandutsa zolembazo kukhala mawu: mwamuna ndi mkazi akucheza, kudulana mawu, kudabwa, kuseka, ngati aulutsi awiri ozolowerana. Anthuwo kulibe. Palibe amene analowa mu situdiyo.

Amene anamvapo mawu a kompyuta akale amakumbukira mmene ankamvekera, odukaduka ngati munthu woyankhula ali ndi ntchofu. Kalelo ankajambula munthu maola ambiri, n'kudula mawu ake tizidutswa, kenako kumalumikiza tizidutswato kuti tipange chiganizo chatsopano. Polumikizirapo ndi pamene pankamveka. Zinthu zinasintha mu 2016 pamene kampani ya DeepMind ya ku London inatulutsa makina otchedwa WaveNet. Makinawa salumikiza zidutswa. Amamvetsera mawu a anthu ochuluka mpaka ataphunzira mmene phokoso la kuyankhula limayendera, kenako amapanga phokosolo okha, kachigawo ndi kachigawo, zigawo masauzande ambiri pa sekondi imodzi. N'chifukwa chake lero mumamva ngakhale kupuma ndi kukweza mawu pofunsa funso. Makampani ngati ElevenLabs, yomwe inayamba mu 2022, anafikitsa lusoli kwa aliyense wokhala ndi foni.

Tsopano phindu lake lenileni lili pati? Sili m'kukoma kwa mawuwo, ndipo sili mu AI. Lili pa zinthu ziwiri zimene masamba a mchezo anatilanda.

Choyamba, fayilo ya mawu imatha. Mukaitsegula imakuuzani kuti ndi ya mphindi 14, ndipo ikatha pamakhala zii. Kuti mupitirize muyenera kutulutsa foni m'thumba ndi kusankha ina, ndipo kusankhako ndi batani lija limene Raskin anachotsa litabwerera. Zili ngati nsima ya pa mbale: mitanda mumaiona, ikatha mumasamba m'manja, pomwe masamba a mchezo ali ndi munthu wobisala amene amaonjezera mtanda musanazindikire kuti woyamba watha.

Chachiwiri, mumasankha musanatope. Pa TikTok chosankha chimachitika masekondi angapo alionse, ndipo wosankha si inu. Pa mawu okonzeratu mumasankha kamodzi, masana mutu uli bwino, kuti madzulo ano ndimva za kasamalidwe ka nkhuku za broiler kapena mutu wachitatu wa manotsi anga. Munthu wa 11 koloko usiku, wotopa, sasankha bwino. Ndi bwino kuti apeze zimene munthu wa masana anamukonzera.

Pamwamba pa izi pali za thupi ndi za m'thumba. Maso ndi manja amakhala omasuka. Taganizirani telala wa ku Highfield: mwendo uli popalasa makina, manja ali pa nsalu, maso ali pa singano. Vidiyo iliyonse imene waonera ndi msoko umene sanasoke, koma khutu lake lili pa ulova tsiku lonse. N'chimodzimodzi mayi wochapa, mlonda wa usiku, kalipentala wa ku Glen View pamene akupala thabwa, kapena munthu wothinana m'kombi yochokera ku Mabvuku kupita m'tauni, amene chigongono cha mnzake chili m'nthiti moti foni sangaitulutse n'komwe. Za data nazo masamu ake ndi osavuta. Mawu a munthu woyankhula amamveka bwino akasungidwa pa 64 kbps (muyeso wa data imene mawu amadya pa sekondi), ndipo ola lathunthu limadya ma MB osakwana 30. Ola la mavidiyo afupiafupi limadya ma MB mazana angapo. Sikirini ndi imodzi mwa zimene zimamaliza batire kwambiri, choncho masiku amene magetsi apita m'mamawa n'kubwera usiku, foni yoyimba mawu sikirini ili yozima imapirira nthawi yaitali.

Pali chopinga chimodzi chimene olemba za lusoli ku America sachidziwa. Mabandulo otchipa amene makampani a mafoni amagulitsa kuno ndi aja otsegula WhatsApp kapena masamba a mchezo okha. NotebookLM ndi anzake amafuna intaneti yonse. Ndiye kuti njira yolowera m'chitsime chopanda malire ndi yotsika mtengo, pomwe njira yotulukira ndi yodula. Ochenjera amakonza mafayilo awo pamene pali Wi-Fi, kuntchito kapena kukoleji, n'kuwatsitsira m'foni. Muziyang'ananso kukula kwa fayilo musanaitsitse, chifukwa mapulogalamu ena amapereka mafayilo aakulu kuposa mmene mawu amafunira.

Izi ndiye zokoma zake. Zowawa zake zikufunika nthawi yochulukirapo, chifukwa sizioneka msanga.

Khutu limakhulupirira msanga kuposa diso. Munthu akamayankhula modekha, mosadodoma, timamutenga ngati wodziwa zinthu, ndipo makinawa sadodoma ngakhale pamene akulakwitsa. Google yomwe imachenjeza kuti NotebookLM ikhoza kunena zolakwika. Vuto lalikulu si bodza lamkunkhuniza, lomwe mwina mungalizindikire, koma kusiya kanthu kakang'ono. Tengani chitsanzo chimene chimatikhudza ife ana ndi adzukulu a anthu amene anachoka ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kudzagwira ntchito m'migodi, m'mafamu ndi ku njanji. Gawo 43 la malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a 2013 likuti munthu wobadwira m'dziko muno malamulowo asanatuluke ndi nzika yobadwa ngati kholo lake linali nzika ya dziko limene linadzakhala mu SADC, komanso ngati iye mwini ankakhala m'Zimbabwe pa tsiku limene malamulowo anafalitsidwa. Zofunika ndi ziwiri. Tiyerekeze kuti aulutsi a makina aja, pofuna kuti macheza akome, atchula choyamba chokha. Zimene anenazo si zabodza, koma msuweni wanu amene nthawi imeneyo anali atakhazikika ku Johannesburg adzamva kuti nkhani yake ndi yosavuta pamene si choncho. Papepala diso likanabwerera n'kuona kachiganizo kachiwiriko. M'khutu mawu akadutsa adutsa, ndipo palibe amene amabweza fayilo kuti afufuze chinthu chimene sakudziwa kuti chasiyidwa.

Choncho lamulo langa ndi lakuti zinthu zimene liwu limodzi lingasinthe tanthauzo lonse, monga malamulo, mlingo wa mankhwala, pangano la lendi, kapena malamulo a bungwe la maliro onena za miyezi yodikira munthu asanayambe kulandira thandizo, muziwerenga ndi maso. Ngati maso akuvuta, gwiritsani ntchito mtundu woyamba uja, wowerenga liwu ndi liwu. Aulutsi awiri aja asiyireni ntchito yokudziwitsani mutu watsopano kapena kukukumbutsani zimene munawerenga kale.

Ophunzira amve bwino apa. Kumvetsera kumanyenga: mumamva ngati mwamvetsa chifukwa mawu akuyenda bwino, koma pa mayeso mutu n'kupezeka mulibe kanthu. Pa nkhani yosimbidwa, kumva ndi kuwerenga sizisiyana kwenikweni. Pa zinthu zothinana, zokhala ndi manambala, matebulo ndi matanthauzo, pepala limapambana, chifukwa wowerenga amachepetsa liwiro pamene pavuta n'kubwerera mzere wapamwamba mosazindikira n'komwe. Womvetsera amayenda pa liwiro la woyankhula. Ndipo amene akuti akuphunzira chemistry kwinaku akuphika ndi kuyankha ana, akuphika basi. Mwana wa Form 4 amene akukonzekera mayeso a ZIMSEC angamvetsere manotsi ake popita kusukulu, koma akafika pa desiki atseke zonse n'kulemba zimene akukumbukira. Pamenepo m'pamene adzaone ngati zalowa.

Palinso ngozi yoti matenda aja asamuke kuchoka m'maso n'kukakhala m'khutu. Kupanga mawu kwatchipa kwambiri moti mu 2025 kunamveka za kampani ya ku America, Inception Point AI, yotulutsa zigawo za podcast (mapulogalamu omvera pa intaneti) pafupifupi 3,000 pa mlungu, chilichonse pa mtengo wa pafupifupi dola imodzi. Zinthu zotere sizipangidwira kuti munthu aphunzire, koma kuti pakhale pomata malonda. Zikakumana ndi pulogalamu yoyamba yokha chigawo chotsatira, mwabwerera pamene munachoka: mtsinje wosatha, wosankhidwa ndi wina. Mwinanso zaipiraipira, chifukwa sikirini mumaisiya mukamagwira ntchito, pamene mahedifoni mumakhala nawo mpaka kubafa. Amene amati mawu a AI ndi abwino pa okha kuposa masamba a mchezo akulakwitsa. Mukachotsa mapeto ndi kusankha kwanu, palibe chimene mwapindula.

Makutu nawo ali ndi malire. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu angamvetsere phokoso la ma decibel 80 (muyeso wa kukula kwa phokoso) kwa maola 40 pa mlungu popanda kuvulala, koma pa ma decibel 90 nthawiyo imatsika kufika maola 4 okha. M'kombi imene dalaivala watsegula sungura kapena zimdancehall mpaka galasi kunjenjemera, munthu amakweza foni yake kuti amve, ndipo apo m'pamene khutu limaonongeka mwakachetechete. Malangizo a WHO ndi oti musapitirire 60 peresenti ya mphamvu ya foni. Ngati pamenepo simukumva, zimitsani, mukamvetsere mukatsika. Ndipo powoloka Julius Nyerere Way kapena Seke Road, pamene timagalimoto ta mushikashika timatulukira paliponse, khutu limodzi likhale lotsegula.

Nanga chiyankhulo? Apa m'pamene ife tikutsalira. Chichewa chili pa mndandanda wa ziyankhulo 16 zovomerezeka ndi malamulo a 2013, chimamveka pa National FM, m'mipingo ya CCAP ya Sinodi ya Harare, m'maliro ndi kudambwe la gule ku Mufakose, Tafara ndi Dzivarasekwa. Koma makina amaphunzira pa zimene zajambulidwa ndi kulembedwa, ndipo za Chichewa n'zochepa poyerekeza ndi za Chingerezi. Google Translate inalandira Chichewa mu 2014, koma kumasulira zolemba ndi kuyankhula bwino ndi ntchito ziwiri zosiyana. Mu 2023 kampani ya Meta inatulutsa makina oyankhula ziyankhulo zoposa 1,100. Mawu ophunzitsira anawatenga pa anthu owerenga Chipangano Chatsopano, pafupifupi maola 32 pa chiyankhulo chilichonse, chifukwa m'ziyankhulo zambiri za kuno kwathu ndi zokhazo zimene zinajambulidwa mwadongosolo. Makina oleredwa motero amawerenga mitengo ya feteleza ndi liwu la pa guwa.

Ndiponso Chichewa chili ndi kukwera ndi kutsika kwa mawu kumene sitikulemba. Chiganizo chakuti “mtengo wa mango wagwa” papepala n'chimodzi, koma pakamwa n'ziwiri: china chimafuna nkhwangwa, china chimasangalatsa ogula. Ife timasiyanitsa osaganizira n'komwe. Makina oona malembo okha ayenera kulota, ndipo akalota molakwa gogo wa ku Mabvuku amagwira msanga kuti woyankhulayo si wathu. Zotsatira zake n'zakuti amene akupindula kwambiri ndi lusoli panopa ndi omva Chingerezi, pomwe amene akanapindula koposa, okalamba amene maso afooka kapena amene sukulu sanapite nayo patali, ndi amene akusiyidwa. Kwa iwowa mdzukulu wowerenga nkhani n'kuifotokoza m'Chichewa pa voice note ya mphindi zitatu amaposa makina alionse amene alipo lero, ndipo voice note imeneyo imadutsa ngakhale pa bandulo ya WhatsApp.

Mawu a achibale atikumbutse chenjezo lina. Luso lomweli limatha kutengera mawu a munthu weniweni kuchokera pa kachidutswa kakafupi kojambulidwa. Mu January 2024 ovota a ku New Hampshire ku America analandira mafoni a mawu onga a Joe Biden owauza kuti asakavote, ndipo anali a makina. Tsiku lina mukadzalandira voice note ya “amalume” a ku Lilongwe kapena ku Cape Town yopempha ndalama mwachangu pa nambala yachilendo, muyambe mwawaimbira pa nambala imene mumaidziwa. Musaiwalenso kuti chikalata chimene mwapatsa makinawa chapita pa makompyuta a kampani yakunja. Za chipatala, za kuntchito ndi maina a mamembala a bungwe si zoponya kumeneko.

Kwa amene akufuna kuyesa, ndondomeko yake ndi yaifupi. Sankhani nthawi imodzi imene chala chimakonda kuyendayenda, kaya m'kombi kapena pogona. Pamene pali Wi-Fi konzani fayilo imodzi kapena ziwiri zotalika mofanana ndi nthawiyo, kuchokera pa zolembedwa zimene mukudziwa gwero lake. NotebookLM imalola kuiuza zoti ikhazikikepo, choncho iuzeni kuti isasiye manambala ndi zofunika kukwaniritsa. Oigwiritsa ntchito mwaulere ali ndi malire a mafayilo patsiku, zomwe pa nkhani yathuyi n'zothandiza. Zimitsani batani loyambitsa yokha fayilo yotsatira. Pogona tcherani nthawi yoti mawu azime okha. Ndipo musadzaze mpata uliwonse: ulendo wina wa kombi ungoyang'ana pawindo, kapena kucheza ndi amene wakhala nawe.

Msampha umene umagwira ambiri ndi malo osungira fayiloyo. Chifukwa cha mabandulo aja, munthu amadzitumizira fayilo pa WhatsApp kuti aipeze mosavuta. Koma kuti aitsegule ayenera kudutsa pa gulu la mpingo, la banja, la anzake a kusukulu ndi ma status a anthu makumi awiri, ndipo pofika pa fayilo kombi yafika kale pa Fourth Street. Isungeni m'foni momwemo, muitsegule ndi pulogalamu yoimbira nyimbo, data ili yozimitsa, foni n'kulowa m'thumba.